A Nambewe ndi Masewera a M'galaja

Zimene ndataya m'chaka chino ndi izi. Mkazi wanga, Esinati. Chipinda chathu cha kuseri kwa nyumba ina ku Daveyton, poti sindikanathanso kugonamo. Munthu woti ndizimuuza kuti ndafika. Ndipo Loweruka lapitali, a Nambewe, amene tawaika konkuno ku Joni, kutali ndi kwawo ku Ntcheu.

Za Esinati sindilemba zambiri. Ndilemba za a Nambewe, chifukwa pamaliro pawo aliyense woima kulankhula anati anali mayi wofatsa, ndipo zimenezo si zoona. Ine ndinawadziwa zaka zitatu, kufatsako sindinakuonepo.

Anali mayi wamfupi, wojintcha, wa mawu omveka mpaka nyumba yachitatu. Ankayenda ndi ndodo chifukwa cha maondo, koma ndodoyo inkalozera anthu kuposa kuyendera. Fodya wawo anali wa mphuno, m'kachitini ka m'thumba la epuloni. Ali mtsikana anaphunzitsapo ana a Sitandade 3 pa sukulu ina ya mishoni, kenaka n'kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito kumigodi. Amunawo atamwalira, iwo sanabwerere. Anagwira ntchito m'nyumba za azungu ku Edenvale mpaka maondo anakana. Pamene ife tinkayamba kukhamukira kuno, chisankho cha kwathu ku Malawi chitangotha, tinawapeza atapuma kale, ali ndi nyumba ya zipinda zinayi ndi galaja yomwe chiimangire sinagonemo galimoto.

Sukulu inali m'galajamo. Lachinayi lililonse masana, tsiku lomwe antchito a m'nyumba amapuma, kunkabwera amayi khumi kapena khumi ndi awiri, aliyense ndi kreti yake yokhalira. Ena anali a kutchalitchi kwathu, ena Asilamu a ku Mangochi. Vuto lawo linali limodzi. Chingerezi ankachimva pang'ono, koma Madamu akawafunsa kanthu, lilime linkauma, ndiye ankangovomera chilichonse. Mmodzi anagwira ntchito Lamlungu lililonse miyezi isanu chifukwa anavomera zimene sanazimve.

Bolodi munalibe. Kope ankaletsa kulowa nalo. Pansi anajambulapo ndi penti mabwalo atatu, lina la dzulo, lina la lero, lina la mawa, ndipo anali ndi mpira womanga ndi mapepala a pulasitiki, ngati wa fulaye uja atsikana amasewera kwathu. Ankafuula mneni wa Chingerezi, kaya wa kuphika, kaya wa kuchapa, n'kuloza bwalo ndi ndodo, n'kugenda munthu ndi mpirawo. Wogendedwayo ankayenera kulumphira m'bwalolo n'kunena chiganizo chathunthu cha nthawi imeneyo, anzake asanathe kuwomba m'manja kasanu. Akachedwa, wafa. Ankakhala pansi pa simenti mpaka mnzake atamuwombola ndi ziganizo ziwiri. Amayi akuluakulu, ena a zidzukulu, ankakanganirana mpira umenewo ngati ana a pabwalo.

Analinso ndi sewero la supuni. Mmodzi ankatuluka, enawo n'kubisa supuni, iye pobwera n'kumafunsa ngati ili pansi pa kreti, kuseri kwa chitseko, kapena pakati pa mapazi a uje. Umu ndi mmene aperekezi a Chingerezi ankalowera m'mutu, popanda wina kutchula kuti ndi aperekezi. Koma lomwe amayiwo ankalikonda koposa linali la Madamu. A Nambewe ankavala chipewa chachikulu cha udzu ndi magalasi opanda maso, n'kuwondetsa mawu, n'kuyamba kulamula kuti Lachinayi lino palibe kupuma poti kukubwera alendo. Wophunzira ankayenera kukana ndi ziganizo zitatu, osagwada, osayang'ana pansi. Akangoyang'ana pansi, waluza, ngakhale Chingerezi chake chikhale choyera bwanji.

Ankabera. Ndikunena poyera chifukwa onse akudziwa. Gulu lomwe lili ndi munthu wamanyazi ankaliwonjezera zigoli mobisa, ndipo akawagwira ankakana mpaka kulumbira pa amuna awo omwalira. Ankakonda kunena kuti munthu amene akuseka sangachite mantha nthawi yomweyo, ndi kuti Chingerezi chimalowera pakamwa potsegula. Za galamala ankati ili ngati minga ya nsomba: ilimo ndithu, koma podyetsa munthu wanjala suyamba ndi mingayo.

Anakangana ndi anthu ambiri. Mkulu wa mpingo wathu anawadandaulira kuti amayi akujomba kumsonkhano wawo wa Lachinayi chifukwa cha mpira. Iwo anamuyankha kuti Mulungu amamva Chichewa kale, amene samva ndi Madamu. Sanalankhulane chaka chathunthu. Mayi wa Chizulu woyandikana nawo ankadandaula za phokoso, iwo n'kumamubwezera m'Chizulu chake chomwe pamwamba pa mpanda, mpaka onse awiri atatopa n'kugawana fodya.

Nane anakangana nane, ndipo tsiku limenelo ndinali wotsimikiza kuti wolondola ndine.

Ndine mphunzitsi wa kukoleji. Satifiketi yanga ndinabwera nayo m'envulopu, koma ntchito yomwe ndinapeza ndi ya ulonda pa geti la nyumba zosanja ku Edenvale. Esinati analekeza Sitandade 5. Ndinayesapo kumuphunzitsa kunyumba, ndi kope ndi cholembera chofiira. Ankakhala chete, n'kumakopera zonse bwinobwino, osatulutsa liwu. Atayamba kupita kwa a Nambewe, ndinafuna kukaona kuti akuphunzira chiyani. Amuna sankaloledwa m'galajamo, koma ine anandilola poti ndine mphunzitsi.

Mpira unagunda Abiti Saidi, mayi wa ku Mangochi, wamtali, wosalankhulalankhula. Analumphira m'bwalo la dzulo n'kunena kuti dzulo anapita kumsika, koma mneni anamusiya wa lero. Ine ndinaimika dzanja, n'kukonza. Sindinalekere pomwepo. Ndinatulutsa choko m'thumba n'kuyamba kundandalika aneni pakhoma, uyu wa lero, uyu wa dzulo. Nditacheuka, Abiti Saidi anali atatseka pakamwa ndi mpango wawo.

"A Mwale," anatero a Nambewe, "kukoleji kwanuko munakhalako zaka zingati?"

"Ziwiri, mayi."

"Zaka ziwiri kuphunzira kutseka anthu pakamwa! Ine ndatha miyezi itatu kutsegula pakamwa pa Abiti Saidi, inu mwatseka kamodzi n'kamodzi. Mphatso muli nayo, bambo. Tengani chipewa chanu."

"Koma mayi, mukawalekerera cholakwacho chikhazikika."

"Wakuuzani ndani kuti ndimalekerera? Mwakhala pano ola lathunthu, maso ali pa khoma langa. Tulukani, ndipo choko chanucho mupukute kaye."

Ndinapukuta ndi mpango wanga wa m'thumba, amayi khumi ndi awiri akundiyang'ana, mkazi wanga ali pakati pawo. Patapita nthawi ndi pamene Esinati anandifotokozera zomwe ndinalephera kuona. Munthu akalakwitsa, a Nambewe sankanena kuti walakwa. Ankawakha mpira n'kumufunsa funso lokhala ndi chiganizo chomwecho chitakonzedwa, ngati akungofuna kumva bwino nkhaniyo: munapita kumsika dzulo, munagulako chiyani? Poyankha, munthu uja ankatola yekha mneni wolondola. Njira imeneyi kukoleji sanatiphunzitse, ndipo ndi yabwino kuposa imene anatiphunzitsa. Ndinatenga chaka kuti ndivomere.

Tsopano ndinene za Lachinayi lomwe za Esinati zinaululika. Ine kunalibe. Ndikufotokoza monga anandiuzira Abiti Saidi, ndipo si munthu wowonjezera nkhani.

Panali sewero lina lotchedwa Wabodza. Munthu ankaima pakati n'kunena zinthu zitatu za iye mwini m'Chingerezi, ziwiri zoona, chimodzi chabodza. Anzake ankamupanikiza ndi mafunso, kenaka aliyense n'kuika chitsekero cha botolo pa nambala yomwe akuganiza kuti ndi bodza. Tsiku limenelo ankaphunzira kanenedwe ka kutalika kwa nthawi, kuti chakuti chakhala chikuchitika miyezi ingati, chiyambire liti. Itafika nthawi ya Esinati, anaima n'kunena zake zitatu. Wakhala ku Joni zaka ziwiri. Wakhala akupalasa njinga chiyambire ali mwana. Sanathire mchere m'ndiwo miyezi inayi.

Galaja yonse inagwa ndi phwete.

"Miyezi inayi!" anakuwa Mayi Jere, amene pakamwa pawo sipankauma nthabwala. "A Mwale akanathawira kale kwa Azulu! Mwanawe, bodza umalikonza pang'ono, osalisiya maliseche chonchi."

Zitsekero zonse zinapita pa mchere. Esinati anadikira kuti atsirize kuseka, n'kunena m'Chingerezi chomwecho kuti njinga sanaikwerepo chibadwire.

Panalibe mayi m'galajamo wosadziwa tanthauzo lake. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amauika pambali kuti wina athire. Ndi nkhani ya masiku anayi, asanu. Esinati ananena miyezi inayi.

A Nambewe anaika fodya m'mphuno, n'kuyetsemula, n'kuti, "Esinati wapambana, zitsekero zonse n'zake. Wotsatira! Mayi Jere, imani, tione ngati mabodza anu ali ovala." Sewero linapitirira mpaka nthawi yake yoweruka. Palibe amene analoledwa kumuyang'ana mwachisoni. Potuluka, a Nambewe anangoti lero wosesa ndi Esinati, ena onse azipita.

M'mawa mwake, cha m'ma teni, ndinaona a Nambewe akutsika tekisi pafupi ndi geti langa. Kuchokera ku Daveyton kufika ku Edenvale ndi matekisi awiri, ndipo maondo awo ndinkawadziwa. Ndinawapatsa mpando wanga, anaukana.

"Ndiwo zanu amathira mchere ndani?"

Ndinaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala zawo. "Ndimathira ndekha, mayi. Esinati amauika m'kambale."

"Chiyambire liti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo ndi pomwe ndinayamba kuwerenga miyezi. Titangokwatirana ndinkamuseka za mwambo umenewu, kuti ndi zakumudzi, iye n'kumangomwetulira osasiya. Kenaka ndinazolowera. Kambale kakabwera, ndinkathira mchere n'kudya, maso ali pa nyuzipepala. Sindinaone kuti kambale kaja kanasiya kuchoka patebulo.

"Kukiliniki mwapita naye kangati?"

"Katatu."

"Analankhula ndani?"

"Ine. Esinati Chingerezi chake..."

"Munanena chiyani?"

"Zimene iye anandiuza. Mutu, msana, kufooka."

"Ndiye mumafuna akuuzeni chiyani? Mwamuna wake mwaima apo ndi tayi, namwino wachilendo akuyang'ana, chitseko chili pululu, mwana wa eni ake ayambe kutchula za magazi kuti inu muzimasulira? Analeredwa choncho? Anakuuzani m'njira yomwe amayi ake anamuphunzitsa, tsiku ndi tsiku, patebulo panu. Inu ndi satifiketi yanu simunawerenge."

Ndinavula chipewa cha ulonda. Ndinati ndipempha chilolezo pompano, tipite naye, ndikanena zonse.

"Ayi. Inu mwalankhula katatu, katatu konse mwabwerako ndi mapiritsi a mutu. Lolemba akalankhula yekha."

"Nanga bwanji osakamulankhulira inuyo, mayi? Ndinu mzimayi mnzake."

"Chipatala si ulendo umodzi, a Mwale. Adzamugoneka, adzabwera madokotala m'mamawa ine ndili ku Daveyton, inu muli pageti pano. Adzamulankhulira ndani? Bwerani naye mawa. Inuyo mukakhala panja."

Loweruka ndi Lamlungu galaja inasanduka kiliniki. Abiti Saidi anali namwino, atavala nsalu ya pilo kumutu. Mayi Jere anali kalaliki wamwano wa pawindo, ndipo aliyense anati sanafunike kuphunzira mbali imeneyo. A Nambewe anali dokotala wothamanga, woyang'ana wotchi, amene munthu asanakhale n'komwe wayamba kale kulemba mapiritsi a mutu. Lamulo linali limodzi: Esinati wapambana pokhapokha dokotala ataika cholembera pansi. Ankayenera kunena chomwe chikuchitika, pomwe chinayambira, kuchuluka kwake, ndipo dokotala akamudula mawu, ayambirenso osapepesa.

Ine ndinali panja, pa kreti, msana utatsamira khoma. Ndinkamva kuseka, ndipo kunkandipsetsa mtima. Mkazi wanga akudwala, iwo akuseka. Analuza kasanu ndi kawiri Loweruka lokhalo. Nthawi iliyonse ndinkamva a Nambewe akuti, "Mapiritsi anu awa, Mayi Mwale, wotsatira!" amayi aja n'kukuwa kuti wafa, wafa. Lamlungu chakumadzulo ndinamva mawu omwe sindinawazindikire msanga. Anali okwera, osanjenjemera, akuuza dokotala m'Chingerezi kuti sanamalize kulankhula. Aneni awiri anali olakwika. Ndinawamva, poti khutu la mphunzitsi silipuma. Kenaka ndinamva cholembera chikugwa pa simenti, ndi nthungululu.

Lolemba tinafika kukiliniki kusanatenthe, atatu. Dzina la Esinati litaitanidwa ndinaimirira, mwa chizolowezi. Ndodo ya a Nambewe inagona pa maondo anga.

"Mukupita kuti? Akuitanani inu?"

Ndinakhala pansi. Esinati analowa yekha, n'kutseka chitseko. Maulendo atatu aja tinkatuluka mphindi zisanu zisanathe. Tsiku limenelo wotchi ya pakhoma inayenda pafupifupi theka la ola. A Nambewe ankakangana ndi mayi wina pa benchi za amene anafika poyamba.

Anatuluka ndi kalata yopita kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

"Zayenda bwanji, mwanawe?" anafunsa a Nambewe.

"Anaika cholembera pansi," anatero Esinati. "Kenaka anandifunsa chifukwa chake sindinanene kale."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati kale sankafunsa ine."

Sananene mokwiya, ndipo sanandiyang'ane. Anandipatsa kalatayo kuti ndimusungire m'thumba la jekete.

Chinali chotupa cha m'chiberekero, ndipo chinali chitapita patali. Anakhala ndi moyo miyezi khumi ndi umodzi. Pali ena amene anena pamaso panga kuti ndiye zonsezo zinathandiza chiyani, poti munthu anapitabe. Ine yankho ndili nalo, ndipo sindikayika. Miyezi khumi ndi umodzi imeneyo Esinati ankadziwa dzina la matenda ake, chifukwa anafunsa. Ululu ukakula ankaitana namwino n'kunena kuti mankhwala aja sakukwanira, ndipo ankamuwonjezera. Atafuna kumusamutsira ku chipatala china chakutali komwe ine sindikanatha kufikako, anakana ndi ziganizo zake, akuyang'ana dokotala m'maso, ndipo sanamusamutse. M'wodi mwake munali mtsikana wa ku Mozambiki wosadziwa Chingerezi ngakhale pang'ono. Esinati anapinda sokosi kukhala mpira n'kumamugenda nayo kuchokera pa bedi lake. Kukanakhala kuti miyezi inayi ija ndinaiona ine, mwina nkhani ikanakhala ina. Tchimo limenelo ndi langa, ndipo ndalisenza. Koma zimene zinatheka kupulumutsidwa, anazipulumutsa ndi mayi wa ndodo uja ndi masewera ake.

Sitinakhale mabwenzi, ine ndi a Nambewe. Sanandipepese pa zimene ananena pageti, ndipo sindinayembekezere. Nditabwerako ku maliro kumudzi, ananditumizira uthenga woti penti ya pansi yafufutika ndipo iwo sangathe kugwada. Ndinapita, ndinapenta. Nditamaliza anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti mkono wawo wayamba kufooka, ngati ndikufuna ndizibwera Lachinayi lomwe ndapuma kudzawagendera mpira.

"Koma pakamwa mutseke," anatero. "Mukangoimika dzanja, ndilithyola."

Ndinagenda mpira miyezi isanu. Sindinaimike dzanja. Kamodzi kokha anandiyamikira, ndipo anati pa amuna ophunzira onse amene anawaonapo, ine ndiye ndimagenda bwinoko.

Anagwa Lachiwiri m'mawa akuyanika zovala. Mayi wa Chizulu uja ndi amene anawaona pamwamba pa mpanda, n'kulumpha, pa msinkhu wake. Sanatsitsimuke.

Dzulo ndinapitako. Mwana wawo wa ku Springs wabwereketsa kale galajayo kwa munthu wokonza mafiriji, alowa mwezi wamawa. Chitseko chachitsulo chinali chokwezedwa theka, ndinalowa chowerama. Makreti amayi aja anatenga, aliyense yake, kwatsala imodzi yosweka pakona. Khoma lakumanzere lili ndi madontho akuda ambirimbiri, pa msinkhu wa phewa la munthu, pomwe mpira unkagunda wina akaulewa. Pa zenera pali botolo la mayonezi lodzaza zitsekero. Munali fungo la fodya wa mphuno ndi sopo wochapira. Linali Lachinayi, cha m'ma thuu, ndipo kuseri kwa mpanda wailesi ya mayi uja inkamveka bwinobwino mawu aliwonse, zomwe sizinachitikepo pa ola limenelo. Ndinaimamo pang'ono, kenaka ndinatsitsa chitseko mpaka pansi.

Esinati ndinamuona komaliza Lachitatu lina m'mawa, ndisanapite kuntchito. Anali atawonda kwambiri, koma anali atapempha kuti amukhazike tsonga, ndipo anali atamanga mpango wake bwino. Madokotala anali atayamba kuyendera odwala kumapeto kwa wodi, bedi ndi bedi, akubwera chakuno. Ine ndinkazengereza, ndikukonzakonza bulangeti lomwe linali lokonza kale. Anandigwira dzanja n'kulichotsa pa bulangetipo.

"Pitani, a Mwale, mungachedwe kugeti," anatero. "Ndili ndi mafunso awiri oti ndiwafunse adokotala, ndipo mukakhala pano muyankha ndinu."